Alendo a Malemu Denzil

Chilimwe chilichonse ankabwera, anyamata a ndevu ngati atonde, galimoto zitadzaza mabanjo ndi magitala. Mayi Ozella Caudill ankawaonera pawindo akukwera chitunda, n'kutsonya.

Chinkawakoka chinali chimbale chimodzi chomwe malemu amuna awo, a Denzil, anajambula ndi anzawo pabalaza la nyumba yomweyi, onse akadali anyamata. Banjo, vayolini, gitala ndi besi, basi. Koma mpaka lero aliyense wogwira banjo m'mapiri a Kentucky amafuna nsambo zake zizilira ngati za Denzil. Ena mpaka chipewa amachipendeketsa monga anachitira iye pachithunzi cha pachikuto.

Tsiku lina kunafika atatu ochokera ku Ohio. Wamtali, yemwe anati dzina lake ndi Corwin, anavula chipewa ngati akulowa m'tchalitchi.

"Mayi, chimbale cha amuna anu chinasintha moyo wanga. Ndinasiya nacho sukulu ya udokotala."

"Koma amako anakulakwira chiyani, mwana iwe?"

Anyamatawo anaseka, kuyesa nthabwala. Kenako anapempha kuona pamene a Denzil anajambulira. Mayi Caudill anawalowetsa. Anaima pakati pa balaza kukamwa yasa, wina mpaka kusisita khoma.

"Nanga inuyo tsiku limenelo munakhala pati?" anafunsa Corwin.

"M'khola la nkhuku, khanda lili m'manja. Linkalira, ndiye bambo ake anati tikuwononga nyimbo. Tsiku lonse tili mmenemo, kunja chisanu chili mbee."

Wamfupi anatsokomola.

"Komabe, mayi, luso ngati limene lija..."

"Luso! Munthu sanakhomepo msomali ndi umodzi womwe pakhomo pano. Zala ankasungira banjo ndi botolo la kachasu."

Corwin anapempha kuti awaimbireko kanyimbo kamodzi pakhonde. Mayiwo sanavomere, sanakanenso. Anyamata anaimba bwino ndithu, osaphonya paliponse, mpaka kubuula pomwe Denzil anabuulira m'chimbalemo. Apa ndiye mayi Caudill zinawafika pakhosi. Ana a eni ake, ophunzira bwinobwino, kuyenda mtunda wonsewu kudzaonetsa kuti analoweza kubuula kwa chidakwa!

Atamaliza anawayang'ana mayiwo kumaso, kudikira misozi.

"Mwatha?" anatero mayi Caudill. "Galimoto yanuyo yaponda nyemba zanga. Ndipo potuluka mutseke geti, ng'ombe ya aneba anga a Stidham imalowa."