Woyang'ana Wotchi

Moyo wake wonse wa pabanja, Stamatia nyenyezi ankangozimvera m'makutu. Mwamuna wake Lefteris ankaima pamwamba pa ngalawa ndi sekisitanti, kachipangizo ka magalasi koyezera kutalika kwa nyenyezi pofuna kudziwa pamene ngalawa ili, Stamatia ali m'kachipinda ka pansi, maso pa wotchi. Akamva "Tsopano!" ankalemba nthawi, basi.

Lefteris anafera panyanja, kutali kumwera kwa chilumba cha Kasos, ndipo anamuika m'madzi momwemo. Malowo Stamatia ankawadziwa manambala ake okha. Chaka chinali pafupi kukwana, ndipo ankafuna kukamwaza tirigu wowiritsa wa chikumbutso pamene panagona mwamuna wake. Amalinyero onse anakana kumuperekeza, ati madzi ndi amodzi omwewo. Anthu oti akazi awo ali moyo savutika kuyankhula choncho.

Anapita kwa Kaputeni Zannis, nkhalamba yomwe inasiya nyanja chifukwa cha maondo.

"Ndiphunzitseni, a Kaputeni."

"Iwe Stamatia, ukanayamba uli mtsikana. Panopa nyenyezi uzidzaziona ziwiriziwiri."

"Inu mumaziona zingati mukamwa?"

Nkhalamba inaseka, nkumupatsa sekisitanti. M'bandakucha uliwonse ankakumana padoko, pa kanthawi kochepa kaja pamene nyenyezi zisanazime koma mzere wolekanitsa thambo ndi madzi wayamba kuoneka. Stamatia anaphunzira kutsitsa nyenyezi m'galasi mpaka ikhudze mzerewo. Akafuula, Zannis ankalemba nthawi. Masamu anali osavuta, Stamatia anakalamba nawo.

Ananyamuka yekha m'ngalawa yaing'ono, tirigu ali m'mbale yovindikira ndi nsalu. Mtunda utazimirira, m'bandakucha unamupeza ali chilili. Anatsitsa nyenyezi bwinobwino.

"Tsopano!"

Anadikira. Pansi paja panali zii, wotchi ikungodziyendera. Iye ndi mphunzitsi wake yemwe, palibe anakumbukira kuti ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Pamene amatsika, nthawi inali itadutsa. Pamene amakweranso, nyenyezi zinali zitazima. Anakhala pansi nkulira. Chimuikireni Lefteris, sanasungulumwepo chotere.

Tirigu anali atayamba kusasa, sakanadikira masiku ambiri. Madzulo ake anayesanso. Nyenyezi itakhudza mzere sanafuule, anayamba kuwerenga chamumtima uku akutsika makwerero, nkuchotsera zomwe wawerengazo pa nthawi ya wotchi. Anachita choncho nyenyezi ina ndi ina, kukwera ndi kutsika, mpaka mizere yomwe ankajambula pa nyenyezi iliyonse inakumana pamapu, nkumuonetsa pamene anali.

Kutacha anafika. Amalinyero aja sananame, madzi anali ngati ena onse. Anamwazabe tiriguyo pang'onopang'ono, mbale nkuitsuka m'nyanja momwemo.

"Lefteris, ndabwera," anatero. "Zija unkaziona wekha kumwambaku, inenso ndaziona. Bwanji sunandiitaneko ngakhale tsiku limodzi?"

Anatembenuza ngalawa, nkutsika kukapukusa wotchi.