Tsiku Limene Make Mapasa Anadziposa

Pafakitale yosoka malaya panali lamulo lakuti aliyense azisoka makolala 60 patsiku. Lachiwiri lina Make Mapasa anapempha kuti aweruke msanga, akatenge mwana wake kuchipatala. Kapitawo, munthu wosavula tayi ngakhale kutenthe chotani, anamuunjikira makolala 90 patebulo.

"Mukamaliza amenewa, muzipita."

Nkhanza zenizeni! Ankadziwa bwino lomwe kuti munthu mmodzi sangamalize. Koma pamakina oyandikana nawo panali Amagalasi, mayi wachikulire amene anaphunzitsa Make Mapasa kusoka. Iwo anangopisa dzanja pamuluwo mobisa n'kusolola makolala 30. Pomakwana 3 koloko mulu wonse unali utatha.

M'mawa mwake kapitawo anaimitsa makina onse. Anayamba ndi Chingerezi chake chotulukira m'mphuno chija, kenako n'kumasulira ngati akulankhula ndi ana a mkaka.

"Azungu amati munthu wadziposa yekha. Ndiye kuti wachita zoposa zimene mwini wakeyo ankachita kale. Mayi awa adziposa! M'manja!"

Anthu anaomba. M'manja musanapole n'komwe, mkuluyo anafufuta 60 pabolodi la chiwerengero cha patsiku n'kulembapo 90.

Kuyamikira kwanji kumeneko? Kuyambira tsiku limenelo tiyi ankazizirira m'makapu, ndipo anzake a Make Mapasa anasiya kumupatsa moni. Amagalasi, ndi maso awo otopawo, ankalekezera pa 55. Lachisanu kapitawo anawaitanira ku ofesi, ndipo aliyense anadziwa kuti ntchito yawathera.

Make Mapasa anadzambatuka. Anakankha mpando, n'kukalowa mu ofesimo osagogoda.

"Bwana, musawachotse! Ine sindinadzipose ayi. Makolala 30 aja anasoka ndi amayiwa, pondimvera chisoni. Fufutani 90 wanuyo, ndi wabodza!"

"Khala chete, mwana wanga," Amagalasi ananong'ona, akumukoka diresi.

Kapitawo anamwetulira mokoma, kumwetulira koyenera kumumenya nako khofi.

"Mukuti tsiku limenelo anasiya ntchito yawo n'kumagwira ya wina? Zikomo kwambiri, mayi. Pepala ili likufuna chifukwa, ndipo ukalamba satilola kulemba. Ndinali n'tasowa pogwira."

Anavundukula cholembera n'kuwerama. Make Mapasa anangoyang'ana mawu ake omwe akulembedwa pakalata yochotsa Amagalasi ntchito.