Miyala M'matumba a Juzi

Lukonde anakwera pa sikelo atavala juzi, chonsecho unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo mu Lusaka monse. Sista Beatrice, namwino woona ana pa kiliniki ya ma ARV, anasuzumira manambala n'kuomba m'manja.

"Eya, wakwela! Emmy, wayamba kumudyesa mwana manje."

Emmy, azakhali ake a Lukonde, anaseka momasuka. Iye ndi Beatrice ankaimba kwaya imodzi ku Kabwata, ankakhalanso benchi imodzi. Koma mwezi wathawo Beatrice anali atamukalipira pamaso pa anthu chifukwa mwanayo ankangotsika sikelo. Beatrice anali wotero: mtima wa mwana, pakamwa pa kondakitala wa minibasi.

Emmy atapita kukaima pa mzere wa mankhwala, Lukonde anatsika pang'onopang'ono, manja atapanikiza m'mbali. China chake chinalira kuti gobede.

"Vula juzi, mami. Uzapya."

"Nimvela mphepo, ba Sista."

Thukuta linali likuyenderera m'khosi. Beatrice anagwada, mawondo akudandaula, n'kupisa dzanja m'thumba la juzilo. Munali miyala, ija amaphwanya amayi m'mbali mwa msewu. Thumba linalo chimodzimodzi. Ina inali m'masokosi.

Anafuna kuseka, poti nzeru zoterozo pa zaka zisanu ndi zinayi n'zosowa. Koma atakweza juzi lija, kuseka kunathera pomwepo. Msana wonse unali mikwingwirima, ina yakale, ina yosapola.

"Nindani?"

Lukonde anayang'ana chitseko. "Mwamene munabakalipila ba anti, bananimenya na waya. Bakamba ati nabachitisa nsoni. Manje nakwela, ka? Simuzabakalipila futi?"

Beatrice anakhala pansi pa simenti, yunifomu yoyera ndi yoyera. Zinamupweteka kwambiri. Iye ankati pokalipa akumenyera mwanayo nkhondo, osadziwa kuti mawu ake amakwera nawo minibasi mpaka kwa Emmy ku Chelstone, n'kukatera pa msana womwewu.

"Nanga kudya, umadya?"

"Ngati vasala mu poto."

Maganizo a Beatrice anayamba kukokana. Emmy sanali chilombo ayi. Anali mayi wotopa, wa ana anayi, amene anatenga wamasiye wa mchimwene wake abale onse atakana. Akanatha kungokambirana naye Loweruka ku kwaya, mwachinsinsi, zithere pomwepo. Koma Loweruka linali kutali, ndipo mwanayu ankabwerera kunyumba komweko lero lomwe. Chipinda cha ba Pearl, oona za chitetezo cha ana, chinali kumapeto kwa khonde. Nkhani ikalowa mmenemo situluka ili yaing'ono, ndipo ubwenzi nawo suchira.

Anavula Lukonde juzi ndi masokosi, kukutumula miyala yonse, n'kumupukuta thukuta ndi mpango wake.

"Lukonde, siunalakwe. Wamvela? Olo wayonda, olo waina, ndiwe wathu."

Mwanayo anangotsamira mutu pa phewa lake, ndipo anali wopepuka mochititsa mantha.

Emmy anabwera ndi mabotolo a mankhwala m'manja. Anaona miyala patebulo, anaona juzi pampando, nkhope yake n'kugwa. Anadikira kukalipiridwa. Koma Beatrice, yemwe mawu ake ankamveka mpaka pa geti, tsiku limenelo analankhula chapansipansi.

"Emmy, tiyende kuli ba Pearl. Tonse batatu. Nizankhala naiwe mpaka tisilize."

"Unichita so ine, Beatrice?" Misozi inali italengeza. "Ine munzako?"

"Ndiwe munzanga, Emmy. Koma uyu alibe munzake."

Anatuluka onse atatu. Khondelo linali lalitali, lodzaza anthu a pa mzere, ndipo onse ankayang'ana. Emmy ankayenda patsogolo atazolika. Pakati pa njira Beatrice anamva kanthu kakumukoka m'mbali: Lukonde anali atagwira nsonga ya yunifomu yake, ataikulunga ku chala. Anafupikitsa mapazi kuti ayendere limodzi.