Khadi Lakufa la pa Nathenje

Martina anaphunzira ntchito ya makina a netiweki ali ndi munthu mmodzi mumtima, ndipo sichinali chikondi ayi. Munthuyo anali a Mathews.

Bambo ake a Martina, a Isake, anali mlonda pa nsanja ya mafoni ku Mitundu. Patsinde pa nsanjayo pali kanyumba kachitsulo, ndipo m'kati mwake muli rauta, chimakina chachitali ngati kabati chimene chimalandira mafoni ndi intaneti za dera lonse n'kuzilozera njira. Chaka china zipangizo zopatsa rautayo magetsi zinasowa, loko ali chikhomere. A Mathews, mmisiri amene ankasamalira makinawo, analumbira pamaso pa apolisi kuti kiyi anasiyira mlonda. A Isake, munthu woti m'kanyumbamo anali asanapondemo, anakaseweza jere. Anatulukako akutsokomola, khasu osaligwiranso, ndipo mvula yotsatira inagwera pamanda pawo.

Martina sanalire nthawi yaitali. Anapita kusukulu ya zaumisiri ku Lilongwe, nalembedwa ntchito pa kampani ya nsanja ija, ndipo mwayi unagwa poti anamuika m'gulu la a Mathews. Iwo sanamuzindikire. Ana a mlonda ankawayang'ana ndani?

Kunena zoona, a Mathews ntchito ankaidziwa, ndipo anamuphunzitsa bwino. Anamuonetsa mmene makhadi a rauta amalowera ngati madirowa, lililonse pamalo pake. Anamuuza kuti asanakhudze khadi azivala kalamba ka padzanja, kuopa kuti magetsi a m'thupi angaliwotche. Anamuphunzitsa kumasula masikuluwu, kukoka timakutu tiwiri ta m'mbali nthawi imodzi, kulitulutsa ataligwiriziza kunsi ngati khanda.

"Iwe uli ndi dzanja labwino," ankatero. "Ukamamvera ine upita patali."

"Zikomo bwana," Martina ankayankha.

Dzinja litafika anaona chimene ankafuna. Tsiku lina ku Mitundu, kutagwa mvula ya mabingu, anatumidwa kukatenga chingwe kugalimoto. Pobwerera anaima pakhomo mwakachetechete. A Mathews anali atagwada patsogolo pa rauta, ndipo nyali zonse za khadi lachitatu zinali zobiriwira. Anaona akumasula masikuluwu n'kulisolola pang'ono chabe. Nyali zinathima. Kenaka anatenga foni.

"Halo, ku ofesi? Mphenzi yatiphera khadi kuno. Tumizani lina msanga, anthu alibe netiweki."

Latsopano linabwera, analiika. Lakale, limene linkayenera kubwezedwa kukampani, analikulunga m'thumba lake lonyezimira n'kulibisa kuseri kwa mpando wa galimoto. Pobwerera anadzera ku Nathenje, ati kukaona makina a kumeneko, koma anakaima pasiteji ya maminibasi. Mwamuna wina wa jekete lachikopa analandira thumbalo pawindo, nakwera minibasi ya ku Dedza.

Martina akanatha kunena tsiku lomwelo, koma sanafune kuti nkhani ithere muofesi, a Mathews n'kungopatsidwa chenjezo atakhala pampando wawofuwofu. Anadikira, nkhope ili mweee, mpaka ataona zomwezo kachiwiri. Apo m'pamene anapita kwa a Mfaume, mkulu woyang'anira amisiri onse a kumwera kwa Lilongwe.

A Mfaume anamvetsera akusisita ndevu. "Mayi, mukudziwa kuti zikapezeka zabodza, wochoka ndinu?"

"Ndikudziwa. Mungodikira tsiku la mabingu. Akakuimbirani kuti khadi lafa, musabwere kunsanja. Mukaime pasiteji pa Nathenje, ndipo musabwere nokha."

Mabingu sanachedwe. Ulendo uno a Mathews anachitira pa rauta ya pa Nathenje pomwepo. Martina anawathandiza kuika khadi latsopano, nalumikiza zingwe za faiba chimodzichimodzi. Anawatsegulira yekha thumba loikamo lakale.

"Lero wachangamuka," anaseka a Mathews. "Tiye ndikakugulire tchipisi."

Pasiteji panali podzaza. Oitanira anali kukuwa za ku Dedza ndi ku tauni, amayi akugulitsa tomato ndi chimanga chootcha. Wajekete uja anabwera, natambasula manja pawindo. Thumba lili pakati pa manja anayi, apolisi awiri anatulukira kuseri kwa minibasi, a Mfaume ali pambuyo.

A Mathews anayesa kuseka. "Bwana, ichi n'chinthu chakufa. Ndimati mnzangayu akaone ngati muli kachitsulo kothandiza."

"Ngati n'chakufa, tiyeni tikaone mtembo wake," anatero a Mfaume.

Anayenda wapansi kupita kunsanja, khamu la anthu likuwatsata. Chitseko cha kanyumba anachisiya chotsegula. Martina anavala kalamba kake, nachotsa chivundikiro pamalo opanda khadi, nalowetsa lija pang'onopang'ono mpaka timakutu tinati khethe. Fani yoziziritsa rauta inalira. Nyali yoyamba inayaka yachikasu, n'kuphethira, n'kuphethiranso. Kenaka inasanduka yobiriwira, zinzake n'kutsatira mzere wonse.

"Lauka!" anafuula woitanira minibasi wina amene anasuzumira pakhomo, ndipo anthu anafa nacho chiseko.

Wapolisi atatulutsa unyolo, a Mathews anatembenukira kwa Martina, maso ali psuu. "Iwe, ndinakulakwira chiyani? Si ine ndakuphunzitsa zonsezi?"

Martina anavula kalamba kaja osafulumira. Analankhula mokweza kuti ndi akunja omwe amve.

"Ine ndine mwana wa a Isake, mlonda wa ku Mitundu. Munati kiyi munasiyira iwowo. Lero kiyi mwasiyira ndani?"

Mayi wina wogulitsa tomato, amene kwawo kunali ku Mitundu komweko, anaomba m'manja n'kuyamba kufotokozera anzake nkhani yonse. Pamene apolisi ankawadutsitsa a Mathews pamsika, anthu anali akuwaloza ndi zala, ena akuwakuwiza. Martina anayenda pambuyo pawo mpaka pakhomo la polisi, osaphonya kalikonse.

Mlandu usanalowe m'khoti, mkazi wa a Mathews, mayi Maness, anamupeza Martina pa nsanja ya ku Mitundu akupukuta fumbi m'mafani a rauta. Anagwada pageti, chitenje chili matope okhaokha.

"Achemwali, tichitireni chifundo. Musakapereke umboni kukhoti. Ana ali pasukulu, ine sindigwira ntchito. Munthu amalakwa."

Martina anawayang'ana nthawi yaitali. Mayiwo anali asanamulakwirepo, ndipo misozi yawo inali yeniyeni. Anafufuza chisoni mumtima mwake, nachipeza chochepa kwambiri, chosakwana kusintha kanthu.

"Dzukani mayi, mukudetsa chitenje," anatero. "Kukhoti ndipita, ndipo ndikanena zonse. Mukamakawaona amuna anu kundende muziwatengera bulangete lochindikala. Kumeneko kumazizira."

Anapitadi, nanena zonse. Wajekete uja naye anaulula kuti malondawa anayamba kalekale, ndipo khoti linalamula kuti a Mathews akakhale kundende. Madzulo a tsikulo Martina anakwera minibasi ya ku Mitundu kukauza amayi ake. Mayiwo anamvetsera, kenaka anamuuza kuti abwerezenso kuyambira pachiyambi, asadumphe kanthu.