Chingwe cha Nsapato ya a Ayamga

Pa zaka makumi awiri zimene a Ayamga anaphunzitsa sayansi m'tauni ya Bolgatanga, nyimbo yawo inali imodzimodzi, mpaka ana anatopa nayo. "Mpweya sudziwa Celsius, umadziwa Kelvin. Pakhomo la mzikiti umavula nsapato, pakhomo la samu za mpweya umawonjezera 273." Akatero ankavuladi nsapato imodzi n'kuikhazika patebulo, kalasi yonse n'kugwira mphuno.

Koma tsiku limeneli sanali mphunzitsi. Anawaika kuyang'anira mayeso a obwereza, ndipo woyang'anira mayeso amakhala ndi maso ndi miyendo basi, pakamwa amasiya kunyumba.

Pamzere wachitatu panakhala Talata, mtsikana amene anamuphunzitsa zaka zinayi zapitazo. Aka kanali kachitatu kulemba. Kusukulu ya unamwino sakanamutenga osakhoza sayansi, ndipo bambo ake anali atanena poyera kuti akalepheranso, iwo alandira ng'ombe za mwamuna amene wakhala akumufunsira.

Podutsa pambali pake, maso a a Ayamga anagwera papepala osafuna. Linali funso lalikulu la tsikulo: mpweya wotsekeredwa m'botolo watenthetsedwa kuchoka pa madigiri 27 kufika pa 54. Talata anali atalemba, ndi zilembo zake zokongola zija, kuti mphamvu ya mpweyawo yawirikiza kawiri. Sanawonjezere 273: panalibe 300, panalibe 327. Ndipo timafunso tinayi totsatira tonse tinkatsamira pa yankho limenelo.

Mtima unawapweteka kwambiri. Anatsokomola.

"Bambo Ayamga, ngati fumbi lakulowani pakhosi, madzi ali pakhonde," anatero mayi Adongo, mkulu wa mayesowo, osadzutsa n'komwe mutu. Mayi ameneyu ankamva ngakhale mapazi a nyerere.

A Ayamga anazungulira holo yonse n'kubwereranso. Talata anali kalikiliki, akumanga pa maziko opindika. A Ayamga anaima patsogolo pake, nawerama, n'kumasula chingwe cha nsapato. Kungoivula n'kuikutumula ngati mwalowa kamwala, ndani akanawaimba mlandu? Koma ana enawo analibe wowavulira nsapato, ndipo tsopano mayi Adongo anali atadzutsa mutu. A Ayamga anaweramuka nsapato ili kuphazi, chingwe chili chomasuka. Talata sanawaone n'komwe.

Belu linalira.

Panja, pansi pa mtengo wa nimu, Talata anawathamangira akuseka.

"Aphunzitsi! Ulendo uno ndiye ndawaonetsa. Funso la mpweya lija? Kumwa madzi! 27 kufika 54, ngakhale wogulitsa mtedza pageti akanati kawiri."

"Walemba, mwana wanga," anatero a Ayamga.

"Nanga nkhope bwanji ngati mwatafuna ndimu? Dikirani ndivale yunifolomu, jakisoni woyamba ndi wanu. Ndiye taonani, munthu wamkulu kuyenda chingwe chikukwekwereza pansi! Taimani ndikumangireni, mungatigwere pano."

Anagwada m'fumbi nagwira chingwecho. Anapinda kamodzi, kenako zala zinaima. Maso ake anali pa nsapatoyo.

"273," ananong'ona.

A Ayamga anayang'ana kugeti. Galimoto yonyamula mapepala inali itayamba kale kutuluka.