Mwana Wakana Dzina la Wickstead

Tsiku limene timu ya Ignasio inagula Wickstead ndi tsiku lomwelo limene mlongo wake Felesta analandira mphatso ya mwana wamwamuna. Ignasio, woyendetsa fokolifiti m'nyumba zosungira katundu ku Kewdale, mumzinda wa Perth ku Australia, anaona kuti zinthu ziwiri zazikulu chonchi sizingagwe tsiku limodzi popanda dzanja la Mulungu.

Wickstead anali wosewera mpira wa ku Australia, uja wooneka ngati papaya, umene amaumenya ndi chibakera, kuuponda ndi mwendo, anthu akuluakulu a ndevu zawo n'kumakwerana pamsana poulimbirana. Timu inamuitanitsa kuchokera ku Melbourne pa ndalama zoti mukhoza kugula nazo Area 47 yonse ndi agalu ake omwe. Anali wamtali ngati mlongoti, tsitsi lofika m'khosi, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti chikho chafika kale mu Perth, changotsala kuchipukuta fumbi.

Ndiye Felesta ndi mwamuna wake Ezra atapereka ulemu kwa malume kuti atche mwana dzina, Ignasio sanachedwe. Anatulutsa kajezi ka timu, kakang'ono ngati mpango wa m'thumba, n'kukaika pachifuwa pa khandalo.

"Ameneyu ndi Wickstead."

"Achimwene," anatero Felesta, "mayina onse a m'Baibulo aja atha?"

"Kwathu kuli a Mcdonald, a Nelson, a Overstone. Amenewo munawapeza m'buku la Numeri? Dzina limatsata ukulu, chemwali."

Ezra, munthu wosachulutsa gaga m'diwa, anangoti, "Zikomo alamu."

Ligi itayamba, ukulu uja unasowa. Pamasewerawa amazika mitengo inayi mbali iliyonse ya bwalo. Ukalowetsa mpira pakati pa iwiri yapakati, mapointi sikisi. Ukaphonya pang'ono, amakupatsa imodzi ya chipepeso. Wickstead anasanduka katswiri wa chipepeso. Akapanda kuphonya ndiye kuti wavulala, ndipo akapanda kuvulala ndiye kuti akukonza tsitsi. Pa wailesi anthu ankaimba foni kufunsa ngati timu inasunga lisiti.

Ubatizo wa mwana anauika m'mwezi wa Ogasiti. Utayandikira, Felesta anaitanitsa mlongo wake kunyumba kwawo ku Balga. Ignasio polowa anapeza pa sofa pali Mayi Margreth, mkulu wa amayi a Mvano, amene mu Perth monse ndiwo ankadziwa mwambo, kapena tinene kuti ndiwo okha amene munthu sankalimba mtima kuwatsutsa.

"Bambo Ignasio, khalani pansi," anatero mayiwo. "Mwana wakana dzina."

"Wakana bwanji, amayi? Wayamba kulankhula?"

"Musachite ngati munabadwira kuno. Mwana akamalira dzina lake likatchulidwa, ndiye kuti sakulifuna. Taonani."

Anawerama kuyang'ana mwanayo, amene ankatafuna rimoti mwamtendere pa kapeti.

"Wickstead."

Mwana anataya rimoti, mlomo unanjenjemera, kenaka anaphulika kulira ngati wamuponda. Felesta anamunyamula, n'kumutonthoza. Atakhala chete, mayi aja anayesanso.

"Tamandani."

Mwana anangowayang'ana, dovu chuchuchu.

"Mwaona nokha," anatero Felesta. "Tikambatiza Tamandani. Zikalata za boma sizivuta kusintha."

Malume amene mphwake wamukanira dzina ndi malume wa dzina lokha. Nkhani yotere ikanafika kwawo ku Ntcheu pa WhatsApp dzuwa lisanalowe, ndipo akuchimuna, abale ake a Ezra, akanaiseka mpaka pa maliro ake. Ignasio anapempha mpata. Mayi Margreth anamupatsa mpaka Loweruka lomaliza ubatizo usanachitike: mwana akadzaliranso, dzina lapita.

Sabata yonse Ignasio ankanyamula mapaleti a katundu mutu uli kwina. Funso linali limodzi. Mwana wosatha n'kuima komwe sawerenga nyuzipepala, samvera wailesi, sadziwa kusiyana kwa sikisi ndi chipepeso. Wadziwa bwanji kuti Wickstead ndi mbola? Anaganiza kuti mwina Felesta ankamutsina mobisa, koma anakumbukira kuti manja onse awiri a Felesta anali pa kapu ya tiyi. Anaganiza za mano omera, koma mano sasankha dzina. Anafunsa Chilekwa, mnzake wa ku Zambia wa pa shifiti yomweyo.

"Boyi, palibe vovuta apa," anatero Chilekwa. "Mwana uja ni wanzelu, aziba bola. Na ine ukaniitana Wickstead ningalile."

Loweruka masana Ignasio anapita ku Balga kukaonera mpira monga mwa nthawi zonse, poti TV ya Ezra inali yaikulu ndipo ya iye inali ya pa foni. Masewero atangoyamba, mpira unabwera m'mwamba molunjika pachifuwa pa Wickstead. Unadutsa pakati pa manja ake n'kumumenya pamphuno.

Ignasio anadzambatuka.

"Wickstead! Chitsiru cha munthu! Wickstead, manja akowo ndi a sopo? Wickstead, bwerera kwanu!"

Kuseri kwa sofa mwana anakuwa ngati alamu ya galimoto. Ezra anamutola, n'kumamusisita pamsana, maso ali pa TV.

"Alamu," anatero mofatsa, "m'nyumba muno mwanayu timamuti bebi. Ku kiresi, kosungira ana kuja, amamuti Wiki. Dzina lonse lathunthu amalimva Loweruka lokha. Kwa ndani?"

Ignasio anakhala pansi pang'onopang'ono. Anaona miyezi yonse ija ikudutsa m'maso mwake: sabata ndi sabata, malume ake enieni akuitana mwana dzina lake mokuwa, n'kumuuza kuti ndi chitsiru, ndi mbava, ndi mwendo wa tebulo.

"Munadziwa liti zimenezi?"

"Mwezi wa Meyi."

"Osandiuza?"

"Mumapereka mpata, alamu?"

Kuyambira tsiku limenelo Ignasio akaweruka ku Kewdale ankathamangira ku Balga ndi nthochi. Ankagwada pa kapeti, bambo wamkulu wa vesiti yowala ya kuntchito, n'kumanong'ona. "Wickstead," kachidutswa ka nthochi. "Wickstead," kachidutswa kena. Poyamba mwana ankalira uku akutafuna. Pofika Lachinayi ankangokwinya nkhope ngati munthu amene wakumana ndi mnzake amene anayambana naye kale.

Koma Felesta sanali wogona. Poti ndi namwino, usiku wonse amasamalira odwala amene amalonjeza kuti asiya fodya, ndiye malonjezo a amuna ankawadziwa.

"Nthochi si umboni," anatero. "Dzina liyesedwe pomwe limapwetekera. Mpira wa Loweruka lino, mwana akhale pamiyendo panu. Munthu wanuyo akangokhudza mpira, mutchule dzina lake. Amayi adzaweruza."

Loweruka lija Mayi Margreth anakhala pa mpando wa pakati, chikwama pamiyendo ngati woyang'anira mayeso. Ignasio anakhala kutsogolo kwa TV, mwana atavala kajezi kaja, kamene tsopano kankangofika pamchombo.

Wickstead anayamba ndi kupatsira mpira mdani.

"Wickstead," anatero Ignasio, mawu ngati a munthu wofunsira. "Mtima wopatsa. Wachita bwino."

Mwana anamuyang'ana mokayika, koma sanalire.

Kenaka Wickstead anagundana ndi mnzake wa timu yomwe, onse awiri n'kugwa chagada.

"Wickstead wanga, dzuka bambo. Dothi silidetsa."

"Mawuwo akukwera," anachenjeza Mayi Margreth.

"Sakukwera amayi, ndi chimfine."

Zinapitirira choncho mpaka kumapeto. Ignasio anali atanyowa ndi thukuta ngati wagwa m'chitsime. Ndipo poti dziko lino limakonda kuseka anthu, lipenga lomaliza linalira mpira uli m'manja mwa Wickstead, timu ikutsalira ndi mapointi ochepa. Malamulo amalola munthu wotero kuponda komaliza, popanda womusokoneza. Anali kutsogolo kwenikweni kwa mitengo, pafupi poti agogo a ndodo akanalowetsa atatseka maso. Sikisi, timu yapambana. China chilichonse, yaluza.

Wickstead anakonza tsitsi. Anakweza masokosi. Anakonzanso tsitsi. Anathamanga n'kuponda.

Mpira sunapeze ngakhale chipepeso. Unakhotera kumbali ngati minibasi yothawa apolisi, n'kukagwera bambo wina wonenepa amene ankadya payi wa nyama m'gulu la oonerera.

Mtsempha wa pakhosi pa Ignasio unatupa ngati chingwe. Mawu onse amene anaphunzira pa depoti ya Ntcheu anakwera n'kufola pa lilime lake, okonzeka. Mwana anatembenuka, anaona nkhope ija, mlomo wam'munsi unayamba kunjenjemera. Felesta anali atatambasula kale manja.

Ignasio anameza mawu aja. Anamezanso.

"Wickstead," anaimba motsitsa, misozi ikutsika, "Wickstead wokongola, wandipha ine. Mwana wabwino iwe, wandimaliza. Wickstead, Wickstead, Mulungu akuone."

Mwana anaona malume akulira moimba, chinthu chimene anali asanachionepo, ndipo chinamukomera. Anaseka kwambiri, n'kugwira mphuno ya Ignasio ndi manja onse awiri.

Mayi Margreth anatseka chikwama chawo.

"Walandira. Mawa tikabatiza Wickstead, ngakhale abusa akavutike kulitchula."

Ignasio anafuna kulumpha, koma anakumbukira amene anali pamiyendo pake, ndiye anangokweza chala chimodzi.

"Ine ndinkati timu inataya ndalama," anatero Ezra. "Koma munthu amene watontholetsa alamu, ntchito imene inakanika aphunzitsi, abusa ndi mabwana a ku Kewdale, ameneyo anamugula motchipa."

"Ndavomera, achimwene," anatero Felesta, akutenga mwana wake. "Koma imvani pamaso pa amayi. Tsiku limene mudzakuwenso dzina limeneli m'nyumba muno, kapena m'galimoto, kapena kulikonse kumene mwanayu ali, m'mawa mwake ndi Tamandani."

"Palibe vuto, chemwali. Ligi yatha. Munthu wotereyu timu singamusunge, Khirisimasi akadyera ku Melbourne."

Ezra anatulutsa foni, anawerenga pang'ono, n'kukhosomola.

"Alamu, kontilakiti yake munaiwerenga bwino? Yatsala zaka zinayi. Ndipo kochi wangonena kumene kuti amamukhulupirira."

Ignasio anatsegula pakamwa. Anthu atatu ndi khanda limodzi anamuyang'ana.

"Wickstead," ananong'ona. "Takulandira."