Chipinda cha Anthu Asanu ku Naxos

A Zisis anafika pachilumba cha Naxos Lolemba masana, miyendo itatupa ndi ulendo wapasitima yapamadzi. Anali atapuma pantchito yoyendetsa mabasi mumzinda wa Larisa, ndipo chimwalirireni mkazi wawo anali asanapite kwina kulikonse. Ulendowu anakonza ndi mwana wawo Lambros, amene ankakhala ku Jeremani ndi mkazi wake Birte ndi ana awiri aakazi. Anapangana zokumana pahotela ya mayi Argyro, m'mphepete mwa nyanja, kuti mkuluyo acheze ndi zidzukulu zake sabata yathunthu. Mdzukulu wamng'onoyo ankangomuonera pazithunzi.

Mayi Argyro anawatsegulira chipinda chachikulu cham'mwamba. Munali bedi lalikulu, mabedi awiri osanjikiza a ana, ndi lina pakona pafupi ndi zenera.

"Nanga anzanuwo mwawasiya kuti, bambo?"

"Afika mawa pandege."

"Ndiye mugoneretu lero. Ana akabwera muno, tulo mudzaiwale."

Lachiwiri sanafike. Lambros anaimba foni n'kunena kuti kuntchito zinthu zavuta pang'ono, abwera Lachinayi. Tsiku lomwelo kunayamba mphepo yakumpoto, ija imati ikayamba mu Ogasiti sidziwa kuleka. Kugombe anakweza mbendera yofiira yoletsa kusambira, maambulera onse anawapinda. Ana a alendo anadzazana pabwalo la hotela, kulimbirana katungwe ndi kadziwe kosambira, amayi awo akuwathamangitsa ndi matawulo. A Zisis ankakhala pamthunzi ndi kabuku kophunzirira Chijeremani, milomo ikuyenda.

"Mukupemphera kapena mukutukwana?" anafunsa mayi Argyro powapatsa khofi.

"Ndikuti, mwadzuka bwanji, dzina langa ndine agogo."

"Mukawauza choncho ana athawa. Mukumveka ngati basi ikukanika kukwera phiri."

Anaseka onse. Koma nthawi yachakudya a Zisis ankadya okha patebulo la mipando isanu, ndipo banja lina litabwera kudzabwereka mipando iwiri, anakana. Kenako anachita manyazi n'kuwanyamulira okha.

Lachinayi m'mawa takisi inaima pageti. Lambros anatsika yekha ndi kachikwama kamodzi, ndevu zosameta. A Zisis anasuzumira kumpando wakumbuyo, mmene munalibe munthu, takisiyo mpaka inatembenuka.

"Tiyeni kugombe, ababa. Pano pali anthu."

Anakakhala kuseri kwa boti lovundikira, mchenga ukuwalasa m'makutu. Lambros anafotokoza akuyang'ana pansi. Birte anachoka mu Epulo, anatenga ana kupita kwa makolo ake. Nkhani inali kukhoti.

"Ndiye unandiitaniranji kuno?"

"Ndimati mwina avomera kundipatsa anawo sabata imodzi. Mpaka Lolemba ndimamupemphabe."

"Unkamumenya?"

"Ayi, ababa."

"Pali wina?"

"Analipo."

"Kwa iye kapena kwa iwe?"

Lambros anatembenukira kunyanja. A Zisis anavula nsapato imodzi, anakhuthula mchenga, n'kuivalanso. Anali ndi mawu ambiri pakhosi, koma ataona imvi zimene zinatuluka m'mutu mwa mwana wawoyo, anangoti, "Wadya?"

Kuchoka sakanatha, chifukwa sitima zinaima kaamba ka mphepo. Anakhala masiku atatu m'chipinda chija, amuna awiri, osalankhulana kwenikweni. Lambros anakana bedi lalikulu. Ankagona pakabedi kam'munsi ka ana, mapazi ali lende. Maswiti a halva amene a Zisis anagulira atsikana ku Farsala anawapereka kukhitchini, ndipo mayi Argyro anawalandira osafunsa kanthu. Kuyambira tsikulo anasiya nthabwala, ankangowaonjezera nsomba m'mbale.

Loweruka masana Birte analola kuti ana aonane ndi agogo awo pafoni kwa mphindi zisanu. A Zisis anapesa tsitsi, anavala shati yoyera. Nkhope ziwiri zitaoneka, mawu onse a m'kabuku aja anabalalika, anatsala ndi amodzi okha, ndipo anawanena kawiri. Wamng'ono anabisala kumbuyo kwa mkulu wake. Wamkuluyo anayang'ana kumbali n'kufunsa china chake m'Chijeremani.

"Akuti wakusowani," anatero Lambros.

A Zisis anagwedeza mutu. Chijeremani chawo chinali chochepa, koma mawu akuti "ndani", amene mwanayo ananena, anali patsamba loyamba la kabuku kaja.

Lamulungu kunacha bata. Ana a alendo anatsetsereka kugombe ndi zidebe zawo, phokoso lili lonse. Bambo ndi mwana anatsitsa katundu, n'kutsanzikana ndi mayi Argyro, amene anawagwira a Zisis dzanja nthawi yaitali.

Ali kudoko, Lambros anati, "Ndipite nanu ku Larisa, ababa. Mwezi umodzi wokha, mutu ukhazikike."

Nyumba ya ku Larisa inali zii zaka zitatu, ndipo a Zisis anaifuna kwambiri nkhani imeneyo. Anayang'ana galimoto zikulowa m'sitima.

"Ku Larisa kulibe ana ako. Bwerera. Ukapeze nyumba pafupi ndi sukulu yawo, azikuona ngakhale sakufuna."

"Akandikana?"

"Ukakhale pomwepo."

A Zisis anamupsompsona masaya onse awiri n'kulowa pamzere. M'sitimamo anthu anathamangira pamwamba kukajambula chilumba. A Zisis anapeza mpando mkati, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi, anaika chikwama pamiyendo, ndipo sanadzukepo mpaka kudoko la Piraeus.